Kuphunzitsa anthu za kusintha kwa nyengo kukuthandizadi, kapena tikungotha choko?

Madam_Sayansi:
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo ndiye ndati ndiyiponye pano mwina mundithandize maganizo. Ndine mphunzitsi wa sayansi ku sekondale ndipo mutu wa kusintha kwa nyengo ndimauphunzitsa chaka ndi chaka. Ana amadziwa bwinobwino kuti mpweya wa kaboni umasunga kutentha ngati bulangete, amadziwa kuti mafakitale asanayambe unali pa 280 ppm pano tadutsa 420, mayeso amakhoza ndithu. Koma sabata yatha kamtsikana kena kokhala kumbuyo kwenikweni, kosayankhulayankhula, kanakweza mkono nkufunsa kuti madam zonsezi tamva, ndiye tipange chani? Ine nkuti dzalani mitengo, muzizimitsa magetsi potuluka m'chipinda. Kanangondiyang'ana osanena kanthu. Ndinachita manyazi ndekha. Ndiye funso langa ndi ili, maphunzirowa ntchito yake ndi chani pankhaniyi? Kapena zinthu zimasintha ndi aja otseka misewu ndi zikwangwani basi?

Tadala_Zikwangwani:
Madam mwanayo anakuyang'anani choncho chifukwa mwamuuza kuti panja pali mkango kenako mwamupatsa legeni kkkk. Pepani koma ndi zoona. Greta Thunberg anali ndi zaka 15 mu Ogasiti 2018 pomwe anasiya kulowa m'kalasi nkukakhala yekha panja pa nyumba ya malamulo ku Stockholm ndi chikwangwani chake. Pofika Seputembala 2019 anthu mamiliyoni anali pamsewu m'mayiko ambirimbiri tsiku limodzi. Palibe silabasi inachitapo zimenezo

Injiniya_K:
Ndiye atayenda mamiliyoniwo chinachitika ndi chani? Mapazi anatupa, anajambulitsa, anabwerera kwawo. Mpweya woipa unangotsika mu 2020 chifukwa cha Covid, ndege zitaima, kenako unakweranso kuposa kale. 2024 ndi chaka chotentha kuposa zaka zonse zomwe zinayezedwapo. Ine chomwe ndimaona kuti chagwedezadi malasha ndi choti mtengo wa magetsi a sola unatsika pafupifupi 85 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Ameneyo ndi injiniya ndi fakitale, osati megafoni

Tadala_Zikwangwani:
Achimwene mwayambatu. Inu mukuganiza kuti solayo anangotsika yekha ngati mvula? Germany inakhazikitsa lamulo mu 2000 loti aliyense wopanga magetsi a dzuwa kapena a mphepo azigulidwa magetsiwo pamtengo wotsimikizika kwa zaka 20, ndipo chipani cha Greens chinali m'boma nthawi imeneyo, chipani chomwe chinabadwa kuchokera ku zionetsero zomwezo mukuzinyozazi. Msika utakula China inayamba kupanga mapanelo ambiri mtengo nkugwa. Injiniya wanuyo anadya za megafoni

Injiniya_K:
Apo mwandigwira pang'ono, pang'ono pokha

Mdala_wa_Wayilesi:
Ana inu mukukangana ngati maphunziro ndi zionetsero ndi mitala yosayankhulana. Ine ndine wamkulu pang'ono ndiye ndikumbutseko zakale. Pa 22 Epulo 1970 ku America kunachitika Earth Day yoyamba, anthu pafupifupi 20 miliyoni anatenga nawo mbali. Senata Gaylord Nelson yemwe anayambitsa ganizolo sanaitane anthu kuti akaswe mawindo ayi, anati m'masukulu ndi m'makoleji tsiku limenelo anthu akhale pansi aphunzitsane za mitsinje yoipitsidwa ndi utsi. Linali tsiku la kalasi lomwe linasefukira mumsewu. Chaka chisanathe boma la pulezidenti Nixon, munthu woti sanali wokonda mitengo kwenikweni, linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la EPA nkusaina lamulo la mpweya wabwino. Chinamuopsa Nixon si sayansi, ndi mavoti 20 miliyoni omwe anali atamva sayansiyo. Madam choko chanu musachinyoze

Madam_Sayansi:
Zikomo bambo, mwanditonthoza. Nanga za ozoni zija, mpweya wa kumwamba uja wotitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa, si umboni woti anthu akangodziwa zinthu zimatheka? Asayansi anapeza chibowo kumwamba kwa Antarctica mu 1985, pofika 1987 mayiko anali atasaina kale pangano la Montreal

Injiniya_K:
Madam ozoni inali nkhani yophweka. Makampani opanga ma CFC, mankhwala a m'mafiriji omwe amaononga ozoniyo, anali ochepa ndipo mankhwala olowa m'malo mwake anapezeka msanga, firiji inapitiriza kuzizira palibe anadandaula. Mafuta, malasha ndi gasi ndi nkhani ina, ndi galimoto, simenti, feteleza, zitsulo, ndege, bajeti ya mayiko athunthu. Apa pali anthu oti aluza ndalama zoopsa ndipo sangangokhala chete chifukwa mwawaonetsa manambala

Sisi_Thoko:
Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndilowepo. Madam ndikukhumudwitsani pang'ono. Ganizo loti anthu sachitapo kanthu chifukwa sadziwa linayesedwa ndipo silinakhoze bwino. Mu 2012 akatswiri motsogozedwa ndi Dan Kahan wa ku yunivesite ya Yale anapeza kuti ku America anthu odziwa kwambiri sayansi ndi masamu ndi omwe anali ogawanika kwambiri pa nkhani ya nyengo, aliyense amagwiritsa ntchito nzeru zake kuteteza mbali ya gulu lake. Ndiye kudziwa pakokha ayi. Chitsanzo china chowawa, asayansi eniake a kampani ya mafuta ya Exxon anali atawerengera kale kumapeto kwa ma 1970 ndi kumayambiriro kwa ma 1980 kuti mafuta atenthetsa dziko, ndipo mawerengero awo anali olondola ndithu. Kampaniyo inadziwa kuposa ana anu onse kuphatikiza pamodzi, koma kwa zaka zambiri inathandiza magulu ofesa chikaiko. Wasayansi James Hansen anauza senate ya America mu 1988 poyera kuti dziko likutentha, IPCC, bungwe la akatswiri a zanyengo la United Nations, inakhazikitsidwa chaka chomwecho. Takhala tikudziwa zaka zoposa 35 anthuni

Sisi_Thoko:
Ndipo china, zija zowerengetsa kuti iwe pawekha umatulutsa kaboni wochuluka bwanji, carbon footprint, amene anazitchukitsa ndi BP cha m'ma 2004 kudzera m'zotsatsa malonda. Kampani ya mafuta kukuphunzitsa iweyo kuti wolakwa ndiwe. Ndiye madam pamene munati muzizimitsa magetsi, osadziwa munaphunzitsa phunziro la eni mafuta

Madam_Sayansi:
Iiii asisi mwandibaya pamtima kkkk. Koma sindikana. Buku lomwe timagwiritsa ntchito likafika pa zoyenera kuchita ndi zomwezo, osataya zinyalala, dzalani mtengo, yendani pa njinga. Palibe tsamba lonena kuti ndani amapereka chilolezo cha mgodi wa malasha kapena ndani amasaina ngongole ya paipi ya mafuta

Jokala_Wagulu:
Ine ndinazimitsa babu dzulo usiku wonse koma lero kwatenthabe, ndikadandaule kuti?

Adimini:
Jokala khala pansi akuluakulu akuyankhula

Mdala_wa_Wayilesi:
Ngati mukufuna kuona maphunziro ndi gulu zikuyenda limodzi musapite kutali ku Ulaya, onani mayi Wangari Maathai. Anayamba Green Belt Movement mu 1977 ndi amayi akumudzi ku Kenya. Anthu ambiri amangokumbukira mitengo, yoposa 50 miliyoni, koma mitengo inali khomo lolowera chabe. Amayiwo amabwera ndi mavuto awo enieni, nkhuni zili kutali, kasupe wauma, nthaka yakokoloka, ana sakukhuta. Ndiye m'masemina awo amawafunsa kuti tchulani mavuto anu, akatchula amafunsanso kuti nanga gwero lake ndi chani, amayi nkumakumba okha mpaka kufika poona kuti nkhalango ija siinangosowa, wina anaipereka kwa mnzake wa ndale. Mayi yemwe anabwera kudzaphunzira kufesa mbewu m'machubu amabwerera akudziwa kuti malo a boma ndi a anthu ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Nchifukwa chake mu 1989 boma la Moi litafuna kumanga chinyumba cha nsanjika pafupifupi 60 mu Uhuru Park ku Nairobi, mayiwa analimbana nalo mpaka pulojekiti inafa. Anawatukwana mu nyumba ya malamulo, anawamenya mu 1992, anawavulazanso mutu ku nkhalango ya Karura mu 1999. Mu 2004 nkulandira Nobel, mayi woyamba wa mu Africa kulandira ya mtendere. Tsono ndikufunseni, amenewa anali mphunzitsi kapena wa zionetsero? Anali pulofesa wa ku yunivesite, musaiwale

Tadala_Zikwangwani:
Bambo apa mwaphika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amayiwo sanayambire pa ppm, anayambira pa nkhuni

Sisi_Thoko:
Eya ndi zomwe ndimafuna kunena ine. Si kuti maphunziro alibe ntchito, koma ndi maphunziro ati. Akungokuuza kuti dziko likutentha amakusiya ndi mantha ndi kudziimba mlandu. Akukuuza kuti chisankho chimapangidwira muofesi iti, ndani amapindula, ndipo anzako omva kupweteka komweko ali kuti, amenewo ndiye amabala gulu

Loya_Wamawa:
Mwaiwala makhothi anthu inu, ndipo nkhani yomwe ndimaikonda kwambiri inayambira m'kalasi momwemo madam. Mu 2019 ophunzira zamalamulo 27 a University of the South Pacific ku Vanuatu anaganiza zoti nkhani ya nyengo ipite ku khothi lalikulu la dziko lonse ku The Hague. Ana asukulu a tizilumba toti pamapu mumachita kutisaka. Ananyengerera boma la Vanuatu, Vanuatu inanyengerera mayiko ena, mu Malichi 2023 msonkhano waukulu wa United Nations unavomera kufunsa khothilo, ndipo mu Julayi 2025 khothi linanena kuti mayiko ali ndi udindo mwalamulo woteteza nyengo ndipo olephera akhoza kufunsidwa chipukuta misozi. Ku Netherlands bungwe la Urgenda ndi nzika pafupifupi 900 anasumira boma lawo, mu 2015 khothi linalamula kuti mpweya utsike ndi 25 peresenti pofika 2020 poyerekeza ndi 1990, boma linachita apilo mpaka khothi lalikulu mu 2019 nkuluzabe. Ku Montana achinyamata 16 anawina mu 2023. Ku Switzerland ndiye agogo aakazi, gulu la azimayi okalamba, anawina ku khothi la ufulu wa anthu la ku Ulaya mu 2024 ponena kuti kutentha kukuwapha iwo kwambiri

Injiniya_K:
A loya, la The Hague lija ndi uphungu chabe, silimanga munthu. Ndani akatumize apolisi ku Washington kapena ku Beijing?

Loya_Wamawa:
Zoona silimanga, koma majaji a m'mayiko amaliwerenga ndipo maloya azilitchula m'milandu ikubwerayi. Malamulo amayenda ngati chiswe achimwene, simumva phokoso mumangoona mtengo wagwa

Injiniya_K:
Chabwino. Koma tinene zoona za magulu anuwa Tadala, ena amaononga okha nkhani. Aja a Just Stop Oil anathira supu pa chithunzi chotchuka chojambulidwa ndi Van Gogh ku National Gallery ku London mu 2022, anapindula chani? Munthu wamba anangoti awa ndi amisala. Kutseka msewu munthu akuthamangira kuntchito kapena kuchipatala, ukuganiza akukonda?

Tadala_Zikwangwani:
Chithunzicho chinali ndi galasi sichinaonongeke, ndipo inu mpaka lero mukuchikumbukira, malipoti a IPCC angati mukuwakumbukira? Koma ndivomere, ineyo za supu sindinazikonde. Komabe gulu la Extinction Rebellion litatseka London mu Epulo 2019 anthu oposa 1000 anamangidwa, pa 1 Meyi nyumba ya malamulo inalengeza kuti nyengo ili pangozi, mu Juni lamulo la net zero, loti pofika 2050 mpweya woipa womwe dzikolo likutulutsa usapose womwe likuchotsa, linadutsa. Sindikuti ndi iwo okha anachititsa koma musandiuze kuti zinangokumanizana

Sisi_Thoko:
Pali phunziro lina lomwe magulu sakonda kulimva, la ku France. Mu Novembala 2018 boma la Macron linafuna kukwezanso msonkho wa mafuta a galimoto ati pofuna kuteteza nyengo, anthu akumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono omwe alibe sitima kapena basi anavala majekete achikasu nkutseka dziko lonse. Limenelonso linali gulu la anthu, koma lolimbana ndi lamulo la nyengo, ndipo linawina msonkho unaimitsidwa. Sanali osaphunzira, ankangoona kuti bilu yapatsidwa kwa iwo pomwe olemera angowachotsera msonkho wa chuma. Kenako boma linasankha nzika 150 mwa maere, anakhala miyezi ingapo akumva akatswiri ndi kukambirana, anatuluka ndi mfundo 149 zina zolimba kuposa za andale eniake. Anthu wamba ukawapatsa nthawi ndi chidziwitso ndi mpando amapita patali. Vuto boma linadzazisungunula zambiri mwa mfundozo

Jokala_Wagulu:
Chikomekome cha mkuyu, anawaitana kuti adzayankhule osati adzamveke kkkk

Nambewe_V:
Ndafika mochedwa koma ndili ndi dandaulo ndi momwe nkhaniyi imakambidwira. Nthawi zonse Greta Greta. Vanessa Nakate anayamba kuima yekha ndi chikwangwani ku Kampala mu Januwale 2019. Ku Davos mu 2020 anajambulidwa ndi Greta ndi atsikana ena atatu achizungu, bungwe la nkhani la AP potulutsa chithunzi linamudula iye yekha. Africa yonse imatulutsa mpweya wosakwana 4 peresenti ya dziko lapansi koma chilala ndi anamondwe sizifunsa zimenezo. Ndiye phunziro loti chepetsa kaboni wako ukaliphunzitsa mwana woti kwawo kulibe ngakhale firiji ndi chipongwe. Mwana ameneyo aphunzitsidwe kuti mayiko olemera analonjeza ku Copenhagen mu 2009 madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020 ndipo anachedwa kukwaniritsa, aphunzitsidwe kuti thumba la ndalama zolipira zoonongeka linavomerezedwa mu 2022 ku Sharm el-Sheikh patatha zaka pafupifupi 30 tizilumba tikulira, ndipo linatheka chifukwa mayiko osauka ndi magulu anakana kuchoka patebulo

Madam_Sayansi:
Zonsezi ndikumva ndipo ndikulemba m'kope. Koma ndinene mantha anga. Ine ndine wolembedwa ntchito, ndikayamba kuuza ana za mapaipi ndi andale mawa ndiitanidwa kuofesi kuti ndikuchita ndale m'kalasi. Ndiponso ana a eni ake awa. Zionetsero si masewera kulikonse. Ken Saro-Wiwa ananyongedwa ndi anzake 8 ku Nigeria mu Novembala 1995 atalimbana ndi kuonongedwa kwa dziko la Ogoni ndi mafuta. Berta Cáceres anaomberedwa m'nyumba mwake ku Honduras mu 2016 chifukwa chotsutsa ntchito yomanga damu. Ku Uganda ophunzira akhala akumangidwa chifukwa chotsutsa paipi ya mafuta ya EACOP yochoka ku Hoima kukafika ku Tanga. Ku Stockholm mwana atha kukhala pakhomo la nyumba ya malamulo apolisi nkumangomudutsa, si konse

Mdala_wa_Wayilesi:
Mantha anu ndi oona mayi, ndipo aliyense wokuuzani kuti tumizani ana kumsewu iye ali pa foni panyumba musamumvere. Koma simukuyenera kuwatuma. Kuphunzitsa mwana momwe lamulo limapangidwira, momwe amalembera kalata kwa phungu, momwe amawerengera lipoti la kafukufuku wa chilengedwe pulojekiti isanayambe, imeneyo si ndale za chipani. Ndipo mayiko anasaina okha, ndime 6 ya pangano la zanyengo la ku Rio la 1992 ndi ndime 12 ya pangano la Paris la 2015 zimanena za kuphunzitsa anthu, kuwapatsa chidziwitso ndi kuwalola kutenga nawo mbali. Akakuitanani kuofesi mukawaonetse zimenezo

Loya_Wamawa:
Ndipo ndidzakuimirirani ulere madam ndikangomaliza sukulu kkkk. Italy inaika nkhani za nyengo ndi chitukuko chosaononga m'phunziro lokakamiza la unzika kuyambira 2020, maola 33 pachaka. Taonani analiika mu unzika, osati mu sayansi mokha

Injiniya_K:
Ine pali mtundu umodzi wa maphunziro womwe sinditsutsa ngakhale pang'ono chifukwa umawerengeka ndi mitembo. Bangladesh. Namondwe wa 1970 anapha anthu osachepera 300,000. Wa 1991 anapha pafupifupi 138,000. Anamanga malo othawirako, anaphunzitsa anthu odzipereka masauzande ambiri, amuna ndi akazi, oyenda ndi megafoni ndi mbendera khomo ndi khomo, ana amaphunzira kusukulu tanthauzo la chenjezo lililonse. Anamondwe akuluakulu a zaka zaposachedwa akupha anthu makumi kapena mazana ochepa, pomwe mamiliyoni amasamutsidwa nthawi isanakwane. Nkhanga zinapangana kusanapse. Amenewo ndiye maphunziro, osati supu

Tadala_Zikwangwani:
Achimwene mwangotamanda megafoni ndi pakamwa panu pomwe, ndajambula sikirini

Injiniya_K:
Megafoni yochenjeza anthu, osati yondichedwetsa kuntchito

Nambewe_V:
Koma onani kuti ngakhale ya Bangladesh si kalasi chabe, ndi gulu la anthu odziwana, wina akudziwa kuti nyumba iyo muli gogo wosayenda. Ndipo ku Ecuador mu Ogasiti 2023 anthu anavota, pafupifupi 59 peresenti, kuti kukumba mafuta m'chigawo china cha nkhalango ya Yasuní kuime. Achinyamata anatolera masaini kuyambira 2013, anawakanira, anapita kukhothi, zaka 10 akuphunzitsa anthu m'misika ndi m'mabasi. Dziko lodalira mafuta kuvota kuti mafuta akhale pansi. Kuti boma likutsatira mwachangu ndi nkhani ina, likukoka miyendo

Sisi_Thoko:
Ndi pomwe magulu ambiri amafera pamenepo, tsiku lopambana likadutsa aliyense amabalalika, otsala kulondola ngati lamulo likutsatidwa ndi anthu asanu otopa. Kuyenda pamsewu kumakoma, kuwerenga bajeti chaka ndi chaka ndiye ayi

Madam_Sayansi:
Chabwino ndaganiza chochita. Lolemba ndibweza funso la mwana uja ku kalasi yonse. Ndiwagawa m'magulu, aliyense asankhe vuto limodzi lomwe akuliona ndi maso, alikumbe ngati amayi a Maathai aja mpaka apeze kuti amene ali ndi mphamvu yosintha ndi ndani, kenako alembe kalata yeniyeni kwa munthuyo ndipo tiitumize. Ndipempha mnzanga wa phunziro la zachikhalidwe ndi unzika tigwirizane. Nkhani ya ana a ku Vanuatu ndiwafotokozera ndithu. Kaya ayankhidwa kaya ayi tiona

Injiniya_K:
Muonjezerepo kuti gulu limodzi liphunzire kulumikiza panelo ndi batire, makalata okha sayatsa babu. Ndikhoza kukutumizirani chojambula cha mawaya chosavuta

Madam_Sayansi:
Tumizani ku inbox achimwene, ndilandira

Jokala_Wagulu:
Pepani ndafunsa mochedwa, ndimaopa adimini. Ppm yo ndi chani?

Adimini:
Maola atatu tikukambirana iwe osadziwa?

Madam_Sayansi:
Musamuseke, bola wafunsa. Jokala, tenga timagawo 1,000,000 ta mpweya womwe ukupumawu, mwa timeneto toposa 420 ndi ta kaboni dayokisaidi. Charles Keeling atayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 tinali pafupifupi 315. Zikuoneka zochepa koma ndi tomweto tikusunga kutentha

Jokala_Wagulu:
Aaa ndiye tochepa chonchi tikutizunza chonchi? Nanga ndipange chani madam?

Madam_Sayansi:
Iwenso kkkk. Bwera Lolemba ukhale kumbuyo ndi mnzako uja. Ndagona ine, mawa ndili ndi piriyodi yoyamba